Makutu a Nkhumba ya Bambo

Bambo anga atapuma pantchito yaukalaliki ku Ginnery Corner, anagula nkhumba imodzi yaikazi n'kuimangira khola kuseri kwa nyumba yathu ku Nancholi. Amayi ankaitchula kuti mkazi mnzawo, ndipo sankanama kwenikweni. Ife ana sitinamvepo bambo akutifunsa ngati takhuta, koma nkhumba ija ankaifunsa m'mawa uliwonse, n'kumadikira yankho.

Masana ankakhala pampando pafupi ndi khola akutafuna nzimbe. Akayamwa madzi onse, zotafuna zija ankalavulira m'khola, nkhumba n'kumalizitsa. Amati kumeneko n'kudyera limodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti bambo ali ndi chifuwa chosamva mandimu kapena jinja. Tikawauza za kuchipatala ankati ndi mphepo yozizira ya chiperoni. Chiperoni chitatha anati ndi fumbi. Mvula itagwa anati ndi chinyezi. Malamba anaboola bowo lina, kolala ya malaya inayamba kulendewera, koma mkulu wa mpingo wathunthu ngati iwo sakanakaima pamzere ndi kabotolo ka makhololo m'manja. Ine ndinkachita mantha, ndipo ndikamapita kuntchito m'tauni ndinkangomva chifuwa chija m'mutu mwanga.

Koma nkhumba itangosiya madeya theka, n'kuoneka nthiti pang'ono, bambo anavala jekete napita okha kukatenga dokotala wa ziweto. Anabwera naye pa minibasi, mayi wamfupi wovala magambuti, ndipo chikwama chake ananyamula ndi bambo.

Dokotalayo anaigwiragwira m'khosi, nati akukayikira chifuwa chachikulu. Tinaigwira anthu atatu, ikulira mpaka kumveka kumsika, iye n'kuibaya kajakisoni patsinde pa khutu lililonse. Kenaka anatifotokozera kuti thupi likakumanapo ndi kachilombo, asilikali a m'thupi saiwala. Mankhwala ajawo amangonunkhira ngati kachilomboko, ndiye ngati asilikali akukadziwa amathamangira pamalopo ndipo pamatupa. Khutu lakumanzere linali la kachilombo kochokera ku mbalame. Lakumanja linali la kochokera ku ng'ombe kapena kwa anthu.

Bambo anangomva mawu oti mbalame basi. Anatembenuka n'kuyang'ana nkhuku za amayi zomwe zinkapalasa pansi pa khola.

"Mwamva, amake ana? Ndakhala ndikunena ine za nkhuku zanuzi."

"Dikirani litupe kaye, abambo," anatero amayi. "Makutu alipo awiri."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munali matimu awiri. Bambo anali a khutu lakumanzere, amayi a lakumanja. Bambo ankanola mpeni pakhonde nkhuku zikuona, n'kumafunsa ngati m'nyumba muli anyezi wokwanira. Ankapita kukhola atavala magalasi owerengera Baibulo, kukapapasa khutu lawo. Ndinawapeza akulitsina pang'ono, ati akungoona ngati likupweteka. Amayi nawo, popita kukamwaza gaga wa nkhuku, ankadutsira njira yakukhola yomwe sanadutsepo chigulire nkhumbayo. Ngakhale pemphero la chakudya linasanduka kampeni. Bambo anapempha kuti choonadi chionekere poyera, amayi n'kuvomera ameni wamphamvu kuposa wa kutchalitchi.

Dokotala atabweranso, panalibe chofunira magalasi. Khutu lakumanzere linali bwinobwino. Patsinde pa lakumanja panali chotupa chofiira, cholimba ngati nsawawa yosasenda.

"Nkhuku zanga zapulumuka," anatero amayi, akumanga bwino chitenje.

Bambo anati mwina nkhumba inagonera mbali imeneyo. Dokotala anatembenukira kwa ife. Anafunsa ngati pafupi pali ng'ombe, kapena ngati timaipatsa mkaka wosawiritsa. Tinaseka, chifukwa ng'ombe kwathuko timaziona zitapachikidwa kale kubutchala.

"Ndiye pakhomo pano alipo amene akutsokomola?"

Bambo anayesetsa kuchigwira, masaya kutupa, maso kufiira, koma chifuwa chinatuluka, chachitali chija chowapinda msana. Dokotala anayang'ana zotafuna za nzimbe zomwe zinali mbwee m'khola, n'kuyang'ananso bambo. Amayi anali atapambana, koma ndinawaona akukhala pansi pa njerwa pang'onopang'ono, kumwetulira konse kutathawa. Masiku onse aja ankachemerera khutu loulula matenda a amuna awo osadziwa.

"Ndiye kuti ndaipatsira ndine?" anafunsa bambo, mawu ali pansi.

"Sindinganene motsimikiza, bambo. Ine ndimayeza nkhumba. Inu akakuyezeni anzanga a anthu."

M'mawa mwake ndinawaperekeza kuchipatala. Namwino atawafunsa chomwe abwerera, anayankha kuti abwera chifukwa cha nkhumba. Namwinoyo anandiyang'ana ine ngati akufunsa kuti kodi mutu uli bwino. Bambo anaima pamzere ndi kabotolo kaja, atakabisa m'chipewa. Anawapeza nacho chifuwa chachikulu. Ife tonse anatiyezanso, ndipo mwamwayi tinalibe.

Nkhumba inaphedwa, ndipo dokotala anati nyama yake isadyedwe. Inakwiriridwa kumunsi kwa nthochi, anyamata ogulitsa kanyenya akuonerera mwachisoni kuposa ife achibale. Bambo sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo.

Mankhwala anamwa kwa miyezi yambiri osadumphitsa, amayi ataima pambali ndi kapu ya madzi ngati kapitawo. Akayamba kunyinyirika, amayi ankangoti, "Mkazi mnzanga anafera inu, mezani." Ndipo ankameza. Anachira, malamba anabwerera pabowo lakale, ndipo nkhuku zinaswana mpaka kulowa m'khola la nkhumba lija.

Nzimbe amatafunabe, pampando womwe uja. Tsiku lina ndinawaona atamaliza kuyamwa, atatembenukira kukhola mwachizolowezi. Anakhala kanthawi zotafuna zili m'kamwa, kenaka analavulira m'dzanja lawo, n'kulifumbata.