Yodula kapena Yathunthu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mawu anga, osati satifiketi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwerera kwathu ku Kaphuka, kumakumba kachewere ndi kuimba m'kwaya. Tsiku lina tinakaimba pa ukwati ku Dedza boma, ndipo wolengeza mphatso atachedwa, anandipatsa ine maikolofoni. Mwambo utatha anandipeza bambo amene anabwereketsa masipika, a Jafali, mwini shopu ya mafoni m'tauni. Anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga Chingerezi mofulumira. Anati ali ndi situdiyo yomasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo makasitomala atopa kumva mwamuna wandevu akulira ndi timawu topyapyala poyerekeza mkazi. Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Situdiyoyo inali kachipinda kuseri kwa shopu, kopanda zenera. M'makoma anakhomamo makatoni oikamo mazira kuti mawu asamamveke ngati ukulankhulira m'mgolo. Munali kompyuta, kamikisa kakang'ono, mahedifoni, ndi maikolofoni yovekedwa sokosi kuti mpweya wa m'kamwa usamawombe. Miyezi yozizira tinkajambula titavala majekete.

Mkulu wa situdiyo anali a Lufeyo, ndipo ntchito ankaidziwa. Anandiphunzitsa kuti choyamba umaonera filimu yonse, kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Kenako umajambula, dzanja lamanzere lili pa kabatani kotsetsereka ka mikisa. Munthu wa mufilimu akatsegula pakamwa, umatsitsa mawu ake n'kulankhula iwe. Akatseka pakamwa, umakweza msanga kuti chitseko kapena galimoto imveke. Ukachedwa kutsitsa, mawu amagundana. Ukachedwa kukweza, filimu imakhala ngati yafa. Mayina ovuta tinkawasintha: mnyamata aliyense wolimba mtima ankasanduka Mavuto, mzinda waukulu uliwonse unkasanduka Lilongwe. Tikamaliza tinkabena filimuyo pa memori khadi ndi pa fulashi, n'kutumiza ku nyumba zoonetsera vidiyo za mumsewu wa M1.

Panali lamulo limodzi limene sindinagwirizane nalo kuyambira sabata yoyamba, lamulo la nyimbo. Mafilimu ambiri amene tinkalandira anali oimba, a ku India ndi a maiko ena, aja amene anthu ali mkati mwa nkhani amangoyamba kuimba ndi kuvina. A Lufeyo ankati nyimbo ndi makoko, chakudya ndi zibakera. Ankadula zonse n'kusiya imodzi, ndipo imodziyo ankaitsitsa mawu kuti aperekerepo moni: moni kwa anyamata a kabaza pa Linthipe, moni kwa amakanika a pa Chimbiya, ndipo osaiwala kuti zikutiro za mafoni zafika kwa a Jafali. Chifukwa chake chinali chomveka. Eni nyumba za vidiyo ankafuna filimu yaifupi kuti aonetse zambiri tsiku lisanathe, ndipo olowa ambiri anali anyamata.

Koma ine ndinkaonera mafilimuwo asanadulidwe, mahedifoni ali kumutu, ndipo ndinkaona zimene tinkataya. Mufilimu yoimba yopangidwa bwino, nyimbo si nthawi yopuma. Ndi pamene nkhani imakhotera. Munthu amalowa m'nyimbo akukana, amatulukamo atalola. Mafilimu a masiku ano amajambula mawu mwakuti umamva woimba akukoka mpweya, umamva pamene mawu ake agwedezeka. Kamera siimangoima patali ngati mlendo pa dansi, imayenda pakati pa ovina. Ndipo nyimbo inali gawo lokhalo la filimu limene silinkafuna womasulira.

Tsiku lina a Lufeyo anapita ku maliro a malume awo ku Linthipe, ndipo a Jafali anandipatsa filimu yonse kuti ndiichite ndekha. Inali yoimba. Nkhani yake inali ya bambo wamasiye wokonza makina osokera, ndi mwana wake wamkazi amene ankafuna kukaphunzira ku mzinda wakutali. Bamboyo anakana. Atakangana, nyimbo inayamba. Ng'oma yake inali phazi la bamboyo popalasa makina, ndi sizasi ikudula nsalu. Mwanayo ankaimba ali kuchipinda akulongedza chikwama, bamboyo akuimba ali pa makina, osaonana, mawu osiyana pa maimbidwe amodzi. Pakati pa nyimbo bamboyo anatsitsa nsalu yabwino imene ankasunga, n'kuyamba kusoka. Nyimbo ikutha, jekete la mwanayo linali litatha, lili pamwamba pa chikwama. Chotsatira, awiriwo anali pa depoti ya mabasi.

Ndinayesa kudula monga mwa lamulo, n'kuonera. Bambo akukana mokalipa, mwadzidzidzi akubayibitsa mwana pa basi. Ankaoneka ngati wamisala. Ndinabwezeretsa nyimboyo, ndi zina zonse. Nyimbo iliyonse isanayambe ndinkanena chiganizo chimodzi kapena ziwiri, kufotokoza amene akuimba ndi chimene chikumuvuta. Kenako ndinkathimitsa maikolofoni, n'kukankhira kabatani kaja pamwamba. Moni wa kabaza ndi zikutiro za mafoni ndinaziika koyambirira ndi kumapeto, pamene pamadutsa mayina a opanga filimu.

Sindinabise. Ndinawauza a Jafali ndisanabene. Anati popeza ndikudziwa zimene anthu amafuna kuposa a Lufeyo, ndikapereke ndekha ku Chimbiya tsiku la msika, ndikakhale pa benchi ndione.

"Akakaibweza, udzaibwereza yonse modula. Apo ayi, ntchito yatha," anatero.

Nyumba ya vidiyo ya ku Chimbiya inali ya a Gelesomu, chakumbuyo pang'ono kwa amayi ogulitsa kachewere, tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Munali mabenchi, wailesi yakanema pamwamba pa shelefu, ndi chiguduli pakhomo chotchinga kuwala. Panja panali bolodi lolembapo mafilimu ndi choko, komanso sipika yaikulu yomangirira pa mtengo. Sipikayo ndiyo inkaitana anthu. Tsiku lonse inkalavula mfuti, magalasi osweka, ndi mawu a a Lufeyo.

Mabenchi anadzaza filimu itayamba, ndipo anyamata anaseka pamene ndinkafuna kuti aseke. Nyimbo yoyamba itayamba anadikira moni. Moni sanabwere. Malikhweru anayamba. Wina anakuwa kuti a Gelesomu apititse kutsogolo, ndipo a Gelesomu anatola rimoti. Ndinawapempha kuti aisiye mpaka nyimbo ya makina osokera idutse, ikakanika ndinyamula fulashi yanga ndekha. Anaika rimoti pa bondo, osati pa shelefu.

Pa nyimbo yachiwiri benchi lakumbuyo lonse linatuluka. Mnyamata wina wovala jekete la kabaza anaima pakhomo n'kufunsa mokweza kuti ndi munthu wanji amene amayamba kuimba ali pakati pokangana. Anzake anaseka. Ine ndinangoyang'ana kutsogolo.

Kenako phazi la bambo uja linayamba kupalasa makina. Ndinamva mawu anga akunena kuti bamboyu akuopa kutsala yekha, ndipo mwanayu akuopa kukalamba pakhomo pomwepo. Mawu anga anatha, nyimbo inakwera. Patapita kanthawi kuwala kunalowa m'nyumbamo. Wina anali atakweza chiguduli. Anali mayi wachikulire, beseni la kachewere lili m'chiuno, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi ena. Sipika ya panja inali itawafikitsira nyimbo zathunthu, zopanda wolankhulapo, mwina koyamba chimangireni sipikayo pa mtengowo.

Minibasi inaima pamsewu. Aliyense wodziwa Chimbiya akudziwa zimene zimachitika minibasi ikaima: mabeseni amathamangira pa mazenera. Amayi enawo anathamanga. Mayi wachikulireyo sanasunthe mpaka nyimbo itatha. Ndinadzamva kuti ndi mayi Nangozo. Pamene anaima, wailesi ankaionera chambali, ndipo chinenero cha nyimboyo sankachidziwa.

"Bamboyo walola, eti? Ndamva pamene mawu ake anatsika," anatero.

Mnyamata wa kabaza uja anali akadali pomwepo, ndipo anabwereza funso lake, kuti ndani amaimba pokangana. Mayi Nangozo anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, sunapiteko ku chinkhoswe? Zimene mayi ako sangakuuze pamaso, amakuimbira."

Ndikanakonda kulemba kuti amayiwo analowa n'kudzaza mabenchi. Sanalowe. Munthu sasiya katundu pamsewu tsiku la msika. Anamvera ali panja, osalipira, kwinaku maso ali kumsewu. M'kati munatsala anthu ochepa, ndipo filimu isanathe a Gelesomu anasolola fulashi, n'kuika filimu ya nkhondo. Mfuti zitayamba kulira pa sipika, anyamata anabwerera.

"Nyimbo zanu zadzaza msewu, mlongo, osati mabenchi," anatero pondipatsa fulashiyo.

Ndinafika ku shopu madzulo dzuwa likadalipo. A Gelesomu anali ataimba kale foni. A Lufeyo anali atabwerako ku maliro, mawu atasasa moti ankangonong'ona. Ndi mawu osasawo anandiuza kuti ndachita zachibwana, kuti anthu amafuna zoona, ndipo m'moyo weniweni palibe amene amangoyamba kuimba. Ndinawapepesa za maliro, kenako ndinawafunsa chimene chasasitsa mawu awo. Anayamba kufotokoza kuti anaimba pa lole kuyambira kuchipatala mpaka kumudzi, kenako kumanda. Anaima pakati pa chiganizo. A Jafali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Maliro ndi zina," a Lufeyo ananong'ona.

Ndinati si zina. Pa lolepo panali zinthu zimene palibe akanatha kuzinena pakamwa, ndipo anaziimba. Bambo wa makina osokera anachita chimodzimodzi.

A Jafali atasiya kuseka anabwerera pa mawu awo. Anati iwo amagulitsa zimene eni mabenchi amagula, ndipo fulashi yabwezedwa. Pamenepo sankanama. Anati ndilowe, ndiidule, mawa tiiwale. Ndinalowadi m'kachipinda kaja. Ndinatsegula filimuyo, n'kuyang'ana mzere wa mawu pa kompyuta, pamene panali nyimbo ya makina osokera. Kudula kwake kunali kosavuta, kusankha n'kudina batani limodzi. Ndinavula mahedifoni, n'kuwapachika pa msomali wake. Ndinawauza kuti a Lufeyo akhoza kudula, filimu ndi yawo, koma dzanja langa silidula pamenepo. Ndinatenga jekete langa n'kukakwera galimoto yopita kwathu. Amayi anga sanasangalale. Anati munthu sataya ntchito chifukwa cha nyimbo ya anthu osawadziwa. Sabata yotsatira ndinali m'munda wa kachewere.

Panapita miyezi ndisanapondenso pa shopupo. Ndinali nditayamba kutumiza nkhani za m'boma lathu ku nyuzipepala, ndipo foni yanga inafuna chikutiro. Ndikudikira, munalowa bambo wina wovala jekete la kabaza, osati uja wa ku Chimbiya. Anapereka memori khadi n'kupempha filimu ya bambo wa makina osokera. A Jafali, osakweza mutu, anafunsa monga munthu wozolowera funsolo.

"Yodula kapena yathunthu?"

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku. Anati yathunthu, koma si ya iwo ayi, awatuma ndi akazi awo. Akudikira kuti ibenedwe, phazi lawo linkagunda pansi, kupalasa makina amene panalibe.

Choncho a Lufeyo anaidula, koma yanga a Jafali sanaifufute. Anandiona, anandifunsa za amayi kumudzi, n'kundisankhira chikutiro. Za filimuyo sanatchule, inenso sindinafunse kuti ikuyenda kwambiri ndi iti. Ntchito sanandibwezere, ndipo sindinaipemphe.

Mpaka lero ndimaonera mafilimu oimba, ndipo sindipepesa kwa aliyense. Ndikamva munthu akuti ndi zabodza chifukwa anthu saimba m'moyo weniweni, ndimamufunsa kumene anakulira. Ife timaimba pa ukwati, pa bwalo la mpira, pa lole ya maliro. Chodabwitsa si filimu imene anthu amaimba, koma imene munthu amaferedwa, kukwatira, kutsanzikana ndi mwana wake, osatulutsa nyimbo ndi imodzi yomwe.

Ku nyuzipepala nkhani zimadulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndimalola. Akonzi akhoza kudula mawu anga ofotokoza nyengo, msewu, ndi zovala za anthu. Koma ndime imene munthu walowa akukana n'kutuluka atalola, imeneyo ndimaiimirira, ngakhale tsamba litachepa. Ndipo ndikamafunsa munthu mafunso, mawu ake akayamba kutsika, dzanja langa lamanzere limakumbukira ntchito yake. Ndimatseka pakamwa panga, n'kumusiya amalize.