Bulangete la Amalume

Mwezi wa Juni ukafika, ine n'kutulutsa mabulangete m'sutikesi, fungo lake limandibwezera kwathu ku Mlangeni.

Amalume anga, a Yosefe, anabwerako ku Joni mutu utasokonekera. Ankalankhula okha ndipo ankagona m'kanyumba kuseri kwa khola. Chuma chawo chonse chinali bulangete lofiira. Tsiku lina amayi analichapa, litauma anandipatsa ine.

"Nanga amalume afunda chiyani?" ndinafunsa.

"Wamisala samva chisanu. Funda iwe."

Ndinakhulupirira, mpaka ndinkawasirira. Ndikawapititsira mbatata yootcha m'mawa ndinkawapeza akunjenjemera thupi lonse, ine n'kumayesa akuvina. Atayamba kutsokomola magazi, akuluakulu anati adziluma lilime. Kuchipatala sanawatengereko, ati misala ilibe jakisoni.

M'mawa wina ndinapitako nditafunda bulangete lija. Anagwira nsonga yake n'kumaisisita.

"Likutenthera bwino, eti mwana wanga?"

"Eya," ndinayankha, n'kulikoka.

Anamwalira chisanu chisanathe, alibe imvi ndi imodzi yomwe. Amayi anandilanda bulangete lija kuti akulungire mtembo, ndipo ine ndinalirira bulangetelo.

Pamaliro anthu anati yawatenga misala. Ndakalamba tsopano, sindinaonepo misala yotsokomola magazi.