Mpando Wakumbuyo wa Galimoto Yobiriwira

Anthu ankati ndapenga, ndipo sindinkawatsutsa. Chaka chimene chuma cha ku Ireland chinagwa chagada, anzathu onse a ku Tyrrelstown kumene tinkakhala atamanga lamba, ine ndinakwera basi kupita ku Swords n'kukagula galimoto yachikale ya ku Mangalande, ya msinkhu wanga ndithu. Akazi anga anangosuzumira pawindo n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu. Mwambiwo sanaumalize, ankadziwa kuti za nyererezo ndazimva.

Koma ine ndinali ndi chifukwa changa. Bambo anga anagwira udalaivala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo zaka zoposa makumi awiri. Ankayendetsa bwana wamkulu wa esitetiyo, mzungu, m'galimoto ya mtundu womwewu, kungoti yawo inali yakuda. Bwanayo ankakhala kumbuyo ndi nyuzipepala yake, bambo akumutsegulira chitseko chipewa chili m'manja. Ife ana sitinalowemo ngakhale kamodzi. Kungoikhudza kokha unkalandira mbama.

Tsiku lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, malungo anandigwira koopsa. Mayi anandibereka, miyendo yanga ikugunda m'mawondo mwawo, ulendo wa ku chipatala cha mishoni, mvula ikuwaza. Tili pamsewu wodutsa pakati pa tiyi tinamva injini kumbuyo, ija sitinkaisokoneza ndi ina iliyonse. Mayi anapatukira m'ngalande. Galimoto inadutsa mwaulemu wake, bambo ali pachiwongolero, maso kutsogolo, khosi gwa ngati sakutidziwa. Nkhaniyi sitinaikambepo m'nyumba mwathu mpaka mayi anamwalira. Koma ine ndinalumbira chamumtima kuti bambo asanafe ndidzawakhazika kumbuyo kwa galimoto yotere, ineyo ndidzawatsegulire chitseko. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu. Kunena zoona, munalinso kamkwiyo.

Ndiye kuno ku Ireland kunabwera risesheni, kugwa kwa chuma kuja ankakutchula pawailesi m'mawa ndi madzulo. Nyumba zinaima pakati osafolera, makina okwezera katundu ali chilili kumwamba osagwedezeka, zikwangwani zogulitsa zili mbwee. Amuna amene dzana ankanyada anayamba kugulitsa zoseweretsa zawo, mabwato, njinga zamoto, magalimoto a Lamulungu. Ine ntchito yanga inali yosamalira okalamba, ndipo anthu sasiya kukalamba chifukwa choti mabanki agwa. Sindinali wolemera, ayi ndithu, koma kwa nthawi yoyamba chinthu chimene ndinkachionera patali chinatsika mpaka pofikira mkono wanga.

Mwini galimoto ija anali bambo wina wa ku Swords komweko, wa imvi, amene anali atangochotsedwa ntchito ku bwalo la ndege ndipo ankakonzeka kutsatira mwana wake ku Australia. Anatsegula galaja n'kuvundukula chinsalu pang'onopang'ono. Abale inu! Ndinangoti kakasi. Inali yobiriwira modera, ngati masamba a tiyi okhwima, yaitali, ya mapewa, zitsulo zake zakutsogolo zikunyezimira moti ndinadziona nkhope, pakamwa pali yasa. Mkati munali mipando yachikopa yosweka timizere ngati chikhatho cha munthu, ndi thabwa lenileni lopakidwa vanishi pamene pamakhala mawotchi. Nditalowetsa mutu ndinagwidwa nthumanzi. Fungo lija la chikopa, oilo ndi thabwa lakale ndinkalidziwa, ngakhale ndinali ndisanalowepo m'galimoto yotere chibadwire. Linali fungo la jekete ya bambo anga.

Munthu uja anandifunsa mafunso ngati ndikufunsira mwana wake. Izigona kuti? Kodi ndikudziwa kuti mchere umene amawaza m'misewu nthawi yachisanu umadya galimoto kunsi? Ndizitha kuitenthetsa injini ndisananyamuke? Pondipatsa makiyi anayang'ana kumbali, ndipo ine ndinanamizira kuti sindinaone misozi yake.

Nyerere zinalimodi, akazi anga sananame. Inkadontheza oilo pakhomo, m'mawa kukazizira inkachita mwano, ndipo petulo inkamwa ngati ili pa ukwati. Loweruka lililonse ndinkakhala chagada kunsi kwake, ndikutukwana zitsulo. Mnzanga wina wa ku Zambia anayamba kunditcha bwana disi. Koma ikadzuka, aa! Phokoso lake silinali phokoso, inkangong'ung'udza chapansipansi ngati munthu wokhuta. Pothira petulo nkhalamba zachizungu zinkandizungulira, wina akuti malume ake anakwatira m'galimoto yotere, wina akuti dokotala wa m'mudzi mwawo anali nayo, akusisita boneti ngati akupereka moni kwa mnzawo wakale. Anthu amene m'sitolo sankandiyang'ana n'komwe ankandigwira chanza.

Mwayi unabwera chaka chotsatira. Mwana wathu wamkazi ankalandira Ulimbitso, ndipo wansembe wina wa kwathu amene ankatumikira pa parishi yathu anatithandiza makalata oitanira bambo. Boma la kuno linawaloleza masabata atatu. Mchemwali wanga anandiuza pafoni kuti ndisadzinamize, maso a bambo ayamba ng'ala, mawondo nawo akukana, ulendo umenewu ndi woyamba ndi womaliza. Ndinadziwa kuti ndikalephera m'masabata atatuwa, lumbiro langa ndidzafa nalo.

Ndinakawatenga ku bwalo la ndege nditavala suti. Galimoto ndinali nditaipukuta mpaka mikono kuwawa. Titafika pamene ndinaimika, bambo anaima chilili, chikwama chikadali m'manja. Anavula chipewa. Anaizungulira yonse, chala chimodzi chikutsata mzere wa chitsulo cha m'mbali, n'kuwerama kuyang'ana matayala. Kenaka anandifunsa, mawu ali pansi, ngati ndabwereka kwa abwana anga. Nditawauza kuti ndi yanga, yangayanga, anangopukusa mutu n'kutchula dzina la Mulungu.

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuwerama pang'ono monga ndinkawaonera iwo kale.

"Lowani, bambo. Lero malo anu ndi amenewa."

Anayang'ana mpando uja nthawi yaitali. Kenaka anachotsa dzanja langa pa chitseko, n'kuchitseka okha ndi zala ziwiri, mosamenyetsa, chinangoti thi. Anazungulira n'kukakhala kutsogolo, pambali panga.

Njira yonse anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto yangayanga. Akuti giya ndikusintha ngati wa minibasi. Akuti choki, kachitsulo kaja umakoka injini ikazizira, ndikuchedwa kukabweza, n'chifukwa chake ikutsamwa. Anapendeketsa mutu kumvetsera, n'kunena kuti lamba wa kutsogolo kwa injini wakhwepa. Ndinatsutsa, poti makaniko anali ataiona sabata yomweyo. Titafika kunyumba anatsegulitsa boneti, n'kudina lambayo ndi chala chachikulu. Galu wamkota sakandira pachabe, analidi wokhwepa.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi kulira kwa ndowa. Ndikasuzumira, bambo ali panja atavala jekete yanga ya chisanu yowafika m'mawondo, akupukuta galimoto. Anali ndi dongosolo lawo: denga poyamba, kenaka magalasi, mbali, zitsulo zonyezimira, matayala pomaliza ndi nsanza ina. Madzi ozizira okha, sopo ayi. Ndinapsa mtima. Ndinatuluka ndi masilipasi n'kuwauza kuti sindinawakwezere ndege kuti adzakhale wantchito wa pakhomo panga, anthu oyandikana nafe aziti bwanji. Iwo osakweza n'komwe mutu, anangoti galimoto yotere siidzuka ndi mame pamsana. Tsiku lililonse zinali zomwezo, ndipo ine tsiku lililonse ndinkawiringula pachabe.

Ndinayesa nzeru zonse. Ndinaunjika zogula pampando wakutsogolo, iwo anazinyamula n'kuziika kubuti. Ndinanena kuti lamba wa mpandowo wafa, anaukoka n'kundiyang'ana ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ndinatuma mdzukulu wawo kuti awanyengerere. Iwo akumuyankhula Chichewa, iye akuyankha Chingerezi, mpaka onse anangoseka, agogo ali kutsogolo komwe. Akazi anga anandiuza kuti ndiwasiye apongozi awo akhale pamene mtima wawo wakhazikika, koma ine ndikagwira chinthu sinditaya msanga.

Tsiku la Ulimbitso ndinati basi lero sakana, poti mwambo ndi mwambo, wamkulu akhale pa ulemu. Tikutuluka m'nyumba bambo anatitsogolera, n'kutsegula chitseko chakumbuyo chipewa chili m'manja, kulowetsa mdzukulu wawo ndi mpongozi wawo, kukonza mpendero wa diresi kuti usapanidwe, n'kutseka ndi zala ziwiri. Ku tchalitchi anachitanso chimodzimodzi, pamaso pa anthu onse. Azungu ankajambula, akumwetulira. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Pobwerera, ena atalowa m'nyumba, ndinawalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa kholo lake. Ndinati bwana uja anafa kalekale koma iwo akadamugwirirabe ntchito, ndipo ukapolo wina umakhala m'mutu. Anangopinda kachikopa kamene ankapukutira galimoto n'kulowa m'nyumba.

Masiku anayi tinkangopatsana moni. Galimoto ankaipukutabe.

Lamulungu lomaliza, titabwera ku Misa, anandiitana n'kundifunsa ngati kuno kuli malo opanda magalimoto. Malo otero nthawi imeneyo anali osasowa. Ndinawatengera ku Mulhuddart, ku chigawo china cha maofesi chimene chinamangidwa chuma chili bwino n'kusowa wolowamo. Nyumba zagalasi zokhazokha, zitseko zotseka, udzu ukumera m'ming'alu, ndi bwalo loimikapo magalimoto lalikulu ngati mabwalo awiri a mpira, lopanda ngakhale njinga. Nditaima anatambasula dzanja kupempha makiyi.

Ndinazengereza. Munthu wa ng'ala, wopanda laisensi ya kuno, amene anali asanagwire chiwongolero zaka zambirimbiri. Koma kunalibe choti angagunde, ndiponso ndinali ndi mlandu wa pakamwa panga. Ndinatsika n'kuima pambali.

Zimene ndinaona sindidzaiwala. Nkhalamba ija inkakwera masitepe a kunyumba ikupumira panjira inakhala pampando msana uli njo. Anakonza kagalasi koonera kumbuyo, anapukuta zikhatho pa thalauza, analiza injini n'kudikira kaye, akumvetsera. Galimoto inanyamuka osagwedezeka ngakhale pang'ono. Giya sindinaimve kulowa. Pokhota inapendekeka mwaulemu ngati mayi wonyamula mtsuko wodzaza, n'kuwongoka, kuwala kwa zitsulo zake kukuyenda m'magalasi a maofesi opanda anthu aja. Chaka chathunthu ndinkati ndikuidziwa galimoto imeneyi, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaiona ikuyenda mmene oipanga ankafunira. Ndinachita mantha ndi bambo anga, mantha aja umachita ukaona munthu akugwira ntchito imene anabadwira.

Atazungulira kawiri anadzaima pamene ndinali, chitseko chakumbuyo chitalunjika ndendende pa mapazi anga. Anatsika, anavula chipewa, n'kutsegula chitsekocho. Ndinayamba kukana, koma anandidula.

"Tsiku lija ndinakuonani," anatero. "Muli patali ndinaizindikira nsalu ya mayi ako. Phazi langa linafika pa buleki. Koma bwana anali atanena kale kuti galimoto yake si basi, ndipo dalaivala amene ndinalowa m'malo mwake anachotsedwa chifukwa chonyamula mkazi wake. Munali ana asanu. Ndinakuonerani pa kagalasi mpaka pokhota."

Anandiyang'ana, dzanja likadali pa chitseko, n'kupitiriza.

"Iwe ukufuna ndikhale pamene ankakhala munthu uja. Ine pamenepo ndilibe napo ntchito. Amene anayenera kukhalapo ndi iwe ndi mayi ako. Mayi ako ndachedwa nawo. Lowa, mwana wanga, ndikuperekeze."

Ndinalowa, munthu wa ana akuluakulu, wa imvi zoyamba kale. Anatseka chitseko ndi zala ziwiri. Chaka chonse chija ndinkaupaka mafuta mpando umenewo, kuusungira iwo, ndipo ndinali ndisanaukhalepo. Unali wofewa, wakuya, ndipo fungo la jekete lija linali paliponse. Kutsogolo ndinkangoona khosi la bambo, lowonda tsopano, lolunjika monga tsiku lija.

Anandizungulitsa bwalo lija pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, sindinawerenge. Ndinalira ngati mwana wodwala malungo. Nditakweza maso ndinapeza kuti kagalasi kaja bambo anali atakapendeketsa, sikankaonetsa msewu ayi. Ankayang'ana ine, ndipo ulendo uno phazi lawo linali pafupi ndi buleki, kudikira kuti ndinene poima.