Dzinja Lomwe Amayi Anagulitsa Wotchi

Wotchi ija inali yaing'ono koma yolemera, ya golide weniweni, galasi lake lokandikakandika. Inalibe batire. M'mawa uliwonse amayi ankapota kamutu kake ka pambali, n'kuimvetsera pakhutu, kenako n'kuimanga kumtunda kwa mkono, mkati mwa bulauzi, momwe anaibisira tikuthawa nkhondo kupita ku Malawi. Inali ya malemu abambo. Amene anawasiyira anali Mpwitikizi wina wa pasiteshoni ya sitima pobwerera kwawo. Abambowo tinawaika kumsasa wa othawa nkhondo, ife n'kubwerera kumudzi ndi mphasa ziwiri ndi wotchiyo basi.

Dzinja limenelo ndinamaliza makalasi a pamudzi. Opitirira anali ku Insaca, mtunda wosayendeka wapansi tsiku ndi tsiku. Amalume anali atandipezera kale ntchito yolera mwana ku Cuamba. Sindiwada, njala inali itawafika pakhosi, koma mawu awo amandiwawabe mpaka lero: "Mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake, kwatha." Aprofesora, aphunzitsi athu, anabwera kawiri, nsapato zili matope okhaokha, kudzangonena kuti, "Mutu uwu musautaye, mayi."

Loweruka lina amayi ananditenga ku Entre Lagos. Wogula anali bambo wina wa kasikelo kakang'ono, kuseri kwa ogulitsa usipa. Anakhula wotchi pamwala wakuda, n'kudonthezapo mankhwala oyabwa m'mphuno. Kuimvetsera ayi, analibe nazo ntchito. Iye ankafuna golide yekha, wokasungunula. Analowetsa nsonga ya mpeni kumsana kwake, zam'kati zonse n'kugwera pathebulo, timagudumu tikuyendabe. Akuti azikankhire pansi, amayi anamugwira dzanja.

"Izo ndipatseni, bambo."

Anazimanga pansonga ya chitenje.

Tsiku lomwelo anagula njinga yakale yopanda mabuleki, imene ndinaipalasa zaka zitatu popita kusukulu ku Insaca, kuimitsa ndi chidendene. Amalume anang'ung'udza mwezi wathunthu, kenako anayamba kuibwereka Lamlungu lililonse, opanda ndi manyazi omwe. Lero ndine namwino, ndipo ndikamagwira odwala pamkono ndikuwerenga kugunda kwa mtima, ndimawathokoza amayi. Chimandipweteka n'chakuti ndinachedwa kuwauza pakamwa.

Koma madzulo aja, tikukankha njinga m'mbali mwa njanji, ine ndinali kuseka chikhakhali. Kwa ine wogula uja anali chitsiru: watenga chikhokhombe, ife tabwerako ndi chomwe chimalira.

"Amayi, tamupusitsa eti?"

"Eya mwanangu, tamupusitsa," anatero, dzanja lili pamfundo ya chitenje.

Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. Sindinkadziwa kuti timagudumu topanda chovindikira sitikhalitsa, kuti fumbi lidzatiimitsa sabata isanathe, ndiponso kuti amayi ankadziwa zimenezo asanaimasule n'komwe pamkono.