Fayilo Imene Kompyuta Inkati Kulibe

Tsiku limene msuweni wake Abasi anasankhidwa kupita ku yunivesite, Sumaiya wa kwa Malemia anaphika nawo mpunga wa chikondwerero mtima ukumuwawa. Iyeyo n'kuti atalephera Fomu 4 kawiri. Tisabise, nsanje inamudya mtsikanayu.

Anapeza ganyu yoika nyimbo m'mafoni pashopu ina pa Domasi. Pashopupo panali laputopu yakale ya Linux, ndipo makasitomala akasowa ankaifufuza m'kati. Sikuti ankakonda kuwerenga ayi. Ankangofuna kudziwa kanthu kamene Abasi sakukadziwa.

Patatha zaka zinayi anali ataimvetsa kenelo, pulogalamu imene imayendetsa zonse m'kompyuta. Kenelo imasunga pamtima mayina a mafayilo ndi pamene ali, kuti isamavutike kufunafuna pa disiki nthawi zonse. Ngakhale dzina limene yalifuna n'kulisowa imalisunganso, n'kumakumbukira kuti kulibe.

Sukulu ina yapulayiveti itafuna woyang'anira makompyuta, Sumaiya ndi Abasi anakumana pakhomo, malo a ntchito ali amodzi. Ahedi anawayesa ndi vuto limene linalipo. Fayilo ya malikisi a ana, yosungidwa pa kompyuta ya mu ofesi, sinkaoneka pa kompyuta ya aphunzitsi yolumikizidwa nayo.

"Ndi vayirasi ameneyu, tifufute zonse tiyambirenso," anatero Abasi, digiri ili m'manja.

Sumaiya anafunsa aphunzitsi, "Kodi munayamba kuifuna isanasungidwe?"

"Eya, kuyambira m'mawa. Akalaliki anachedwa nayo."

"Ndiye kompyuta yanuyi ikungobwereza yankho la m'mawa lija. Sinapitenso kukaona."

Analemba mzere umodzi wouza kenelo kuti itaye mayina amene inasunga. Fayilo ija inatulukira, malikisi onse ali bwinobwino, ndipo ntchito inapita kwa Sumaiya.

Pobwerera, atafika pamsewu wa ku Liwonde, Abasi anafunsa akuyang'ana kumbali, "Iwe, zimenezi unazidziwira kuti?"

"Pashopu ya nyimbo, achimwene adigiri."

Kunena zoona, Sumaiya anamusiya msuweni wakeyo apse mtima sabata yathunthu, iye akumva kukoma, kenako ndiye anamuphunzitsa.

Inu amene mwayi wa mnzanu ukukuwawani, sindikunamizani kuti nsanje ndi yabwino. Koma ikakugwirani, musapite nayo kwa sing'anga kapena kumiseche. Khalani nayo pansi muphunzire chinthu chimodzi mpaka muchidziwe bwino. Musafooke, tsiku lanu likubwera.