Tsegulani Maso, Amake Dalitso

Pepani ngati ndalakwitsa zilembo, sukulu ndinalekeza panjira.

Bambo a Dalitso, lero chakwana chaka chichokereni inu. Ndakumbuka tsiku lija ku Hull, mwana wathu akusewera ragibe, ali pamalo pake kumphepete kwa bwalo. Atangolandira mpira, ine ndinadziphimba mpango kumaso, poti zimphona zija zinkamulunjika. Inu munandigwedeza phewa mukuseka: "Amake Dalitso, mwabwera kudzaonera mpango kodi? Tsegulani maso, wawasiya onse!" Ndinatsegula, ndipo ndinamuona akudziponya pakona, wagoletsa.

Tili bwino, ndipo akuthamangabe mokoma ngati kale. Koma bondo lake limatupa akatha masewera. Timu ikufuna asayine chaka china, iye wafunsa maganizo anga. Mpaka pano sindinamuyankhe.