Kampani ya Sopo Sinaphonyepo

Anthu a mumsewu wawo ankawatcha a Sinaphonyepo, ndipo dzinalo analipala okha. Ukangotchula kampani ya sopo, kumene anayendetsa lole mpaka kumera imvi, ankatukula chala: "Imeneyo sinaphonyepo." Atapuma ntchito, penshoni yonse anagulira masheya a kampaniyo, ndipo kawiri pachaka phindu linkalowa kubanki. Kaya mafuta asowe, kaya mabwana alandane mipando, phindu linkabwera basi. Kwa iwo kampani inali ngati mkamwini: ngati sanagonepo kunja, usamufunse zambiri.

Tsono chaka china mtengo wa masheyawo unayamba kutsika. Anzawo ocheza nawo pabenchi la kwa wometa anagulitsa awo mwakachetechete, wina ndi wina osauzana. A Sinaphonyepo anangoseka. Anawerengetsa pachikhatho: sheya yatsika ndi theka, koma phindu lake ndi lomwe lija, ndiye kuti ndalama yomweyo tsopano ikubala kawiri. Masamuwo anali olondola, ndipo tsoka lake linali pomwepo. Munthu akamakugulitsa nkhuku yoikira pamtengo wa mwanapiye, umayamba wafunsa kuti ikudwala chiyani. Iwo sanafunse.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali zipinda zitatu za lendi zimene akazi awo anamanga ndi ndalama zosokera mayunifolomu, njerwa imodziimodzi. Lendi imeneyo ndi imene inkagulira mayiwo mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi.

"Tigulitse zipindazi, mayi, tiwonjezere masheya," anatero tsiku lina. "Lendi ndi ndalama yochita kugogodera pakhomo pa munthu. Phindu limabwera lokha."

"Abambo, koma sopo wakeyo mwamuona?" mayiwo anafunsa ali pa beseni. "Masiku ano akungosungunuka ngati mchere. Kugolosale anasiya kumuoda."

"Inu mumadziwa kuchapa. Kampani muisiyire ine."

Anawanyengerera, anawakwiyira, anawasala kuwalankhula, mpaka mayiwo anatopa nasaina. Ndalama zonse za zipindazo zinapita ku masheya. Wogulayo anabwera ndi chingwe, nadula bwalo pakati, amisiri nayamba kumanga mpanda.

Musaganize kuti bambowo analibe maso. Ankadutsa kufakitale pafupipafupi, ndipo ankaona. Chumuni imene kale inkadetsa zovala pachingwe tsopano inkangotulutsa kautsi ka apo ndi apo. Pamalo oimikapo malole panamera udzu. Amayi ogulitsa zakudya pageti anasamuka osatsanzika. Mantha ankawagwira, inde, koma ankawapondereza ndi mawu awo omwe aja, naweramitsa mutu n'kupitirira.

Kenako phindu linalowa, lalikulu kuposa zaka zonse. Anavala jekete, napita kufakitale kuti akawanyaditse alamu awo, mlonda wa pageti. Anapeza geti lili pululu. Anthu achilendo ovala zisoti ankakweza thanki yaikulu yophikiramo sopo pa lole yosakhala ya kampani. Unyolo unkalira, thankiyo ikulendewera m'malere.

"Alamu, akukaikonzetsa?"

Mlondayo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Agulitsa. Malole anapita chaka chatha, nyumba yosungiramo katundu inatsatira. Inu mumati phindu lanulo limachokera kuti? Mabwana akuopa kuti akaphonya kamodzi, nonse muthawa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanamva, alamu?"

Anathamangira kwa ogulitsa masheya, jekete lili m'manja. Mtsikana wa pakauntala anadinadina kompyuta yake, nawauza mwaulemu kuti ofuna kugulitsa alipo ambirimbiri, koma wogula palibe ndi mmodzi yemwe.

Anabwerera wapansi, ngakhale ya basi inali m'thumba. Mayi aja anali pakhonde, akudulira ulusi siketi ya mwana wasukulu. Kuseri amisiri ankagogoda, mpanda utafika kale m'mapewa. Bambowo anakhala pansi penipeni, pasimenti, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Ananena zonse: za malole, za thanki, za mtsikana wa pakauntala. Sanabise kalikonse.

Mayiwo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaika sizasi pamwendo, nafunsa ngati ndalama yalowayo ingakwanire mankhwala mpaka chaka kutha.

"Ikwana," anayankha bambowo.

"Chabwino. Nanga chaka chamawa akampaniwo adzagulitsa chiyani?"

"Kwatsala geti, mayi."